Mapu a Pansi pa Nsapato

Ndimasoka nsapato pakhonde la golosale ku Kamwala,
ndipo mzinda uno ndimauwerenga chadodolido,
pansi pa zidendene za anthu.

Izi za Tisiyenji zadyeka mbali imodzi.
Amachoka ku Kanyama kusanache,
chopendekera m'mphepete mwa ngalande,
poti phula analipereka kwa matayala,
munthu nkumusiyira fumbi.
Dzinja likafika amazivula, nkuzisenza pamutu,
madzi m'mawondo.

Iyi ya mwana wa sukulu inaduka lamba
pothamanga kuwoloka Great East,
minibasi ikumuimbira hutala ngati ali nayo ngongole.
Mlatho wa oyenda pansi ulipo, inde,
koma anaumanga kutali ndi kumene anthu amapita.

Dzulo kunabwera bwana wa mapulani wa kukhonsolo,
nsapato yake yosalala kunsi ngati mbale yatsopano,
kungofuna polishi.
Anandisimbira za misewu yodutsa m'mwamba.
Ndinati: munawolokapo Lumumba ndi phazi
mutasenza thumba la makala?
Anaseka, nayang'ana wotchi.

Kuseri kwa njanji kuli kanjira
kamene palibe anakajambula papepala.
Tinakalemba tokha, phazi pa phazi,
mpaka udzu unagonja.
Akatchinga ndi mpanda lero, mawa pali chiboo.

Tipatseniko mthunzi wa jakaranda
ndi pouma pokwana anthu awiri
kupatsana moni osagwera m'matope.

Ulusi wanga watsala pang'ono.
Tisiyenji abweranso Lachisanu;
ndalama ya basi anagulira mankhwala a mwana.