Dontho la Inki

Lachiwiri lililonse m'mawa
ndimadzaza mtsuko wagalasi ndi madzi a pampopi,
a ku Mulunguzi, ozizira mpaka m'mano,
n'kudonthezamo inki kamodzi kokha.
Ntchito yanga imathera pomwepo.
Zofotokoza n'za a Dokotala Mlanjira.

Dontho limatsika ngati likudziwa kopita.
Limamera mizu, limasanduka utsi,
kenaka sungalilozenso ndi chala.
Ana a chaka chachitatu amalemba: entropi yakwera.
Adokotala amati palibe akuikankha inkiyo,
kungoti njira zobalalikira n'zochuluka
kuposa njira zokhalira pamodzi,
ndipo madzi sasankha.

Tsiku lina Asiyatu wa ku Chinamwali
anakweza dzanja: Nanga silingabwerere?
Lingathe, anatero, malamulo saletsa,
koma udikire mpaka phiri lonseli
litakokolokera mu Likangala, kamchenga kamodzikamodzi,
ndipo pamenepo kudikira usanakuyambe n'komwe.
Kalasi inaseka.
Ine ndinali kutsuka mabotolo kumbuyo.

Sadziwa kuti ku Matawale
ndili ndi mtsuko wangawanga, wa zipinda ziwiri.
Nasiwelo atatisiya mwezi wa Juni
fungo la mafuta ake odzola linatsala mumpango,
lothithikana, pamalo amodzi, m'kabati.
Ndinatseka mazenera miyezi iwiri.
Ndinatsekera nyuzi pansi pa chitseko.
Linatulukabe.
Linayamba lafika pabalaza, kenaka pakhonde,
kenaka sindikudziwa:
m'minibasi za ku Liwonde,
m'nkhungu yotsika ku Chawe,
pakati pa ogulitsa mbatatesi kumsika.
Lero ndikanunkhiza mpangowo ndimamva kabati basi.

Adokotala akanati silinathe ayi,
langofika paliponse mofanana.
Pabolodi amakutcha kukhazikika.
Achibale nawo amati, mwayamba kukhazikika, achimwene,
poona kuti ndikudya, ndikumeta ndevu,
chisoni chasungunukira m'masiku onse a sabata
osadetsa limodzi kuposa linzake.

Komabe Lachiwiri likafika
ndimachedwetsa dala dzanja pamwamba pa mtsuko.
Anawo amadikira mapeto kuti alembe.
Ine ndimafuna masekondi oyambawo,
dontho likadali ndi nkhope,
madzi asanagwirizane.

Akatuluka ndimakhuthulira m'sinki
madzi abuluu pang'ono, ofanana pamwamba ndi pansi.
Tiyi amene ndinamuiwala pazenera
wazizira,
chipinda chatenga kutentha kwake
ndipo sichikuoneka kuti chafunda.