Njira Zachidule za Griselda

Mvula ikugogoda malata ku Valparaíso.
Eleuterio wakhala pampando wa mkazi wake,
kompyuta yayaka ngati palibe chachitika.

Griselda sankaifuna mbewa.
"Imachedwetsa," ankatero. Anaiponya m'dirowa
pamodzi ndi mabatire akutha.
Zala zake zinkadziwa njira zachidule
monga mapazi ake ankadziwira masitepe a paphiri
otsikira kudoko, ngakhale mumdima.

Zonse anaziyala mmene ankafunira:
mzere wa zizindikiro anaukankhira kumanzere,
zilembo anazikulitsa maso atayamba kuchita khungu,
kumbuyo anaikako chithunzi cha bwato lofiira
lomwe sanakwerepo.

Pakapepala komata pambali pa sikirini
zilembo zake zopendekera zikadalipo:
Alt ndi Tab, kudumphira zenera lina.
Ctrl ndi S, usaiwale, wamva?
Ctrl ndi Z, ukalakwitsa.

Njira yomalizayi mkuluyu waiyesa kawiri.
Yabweza chilembo chimodzi basi.

Kenako chala chaterereka,
chagunda mabatani atatu osalembedwa pakapepala.
Fayilo yatseguka, dzina lake "Telo":
nthawi zomwera mankhwala a shuga,
tsiku lolipira magetsi,
ndi mzere womaliza:
"Mbewa ili m'dirowa yachiwiri.
Itenge, sindikwiya."