Thovu la ku Kalingalinga

Loweruka lija madzi anachedwa kufika pampopi.
Magalimoto atatu pamzere, fumbi la Ogasiti lili mbuu,
ine ndi ndowa yanga, sopo wa ufa ndi nsanza.
Tionenji anatulukira kuchokera ku Yunza wapansi
atanyamula kachingwe ka nayiloni, kaja kowedzera nsomba,
nati, Atate, ndibwerekeni thovu lanu.

Ndinaseka. Zaka zitatu ndikulipira fizi
kuti mwana azidzasewera ndi sopo?

Anamanga nsonga ziwiri, kachingwe kanasanduka mphete.
Anakaviika, nakavuula pang'onopang'ono,
ndipo pakati panayala kakhungu ka madzi
kopyapyala kuposa phiko la inswa,
kamitundu ngati oyilo wotayikira pa phula mvula itakata.

Onani, anatero. Khunguli likufuna kuchepa,
likukokera m'mphepete monse m'kati.
Chingwe nacho sichifuna kupindika,
chikukumbukira kuti chinabadwa chowongoka.
Mphete ikakhala yaing'ono, chingwe chimalimba mtima,
imakhala yozungulira, yafulati ngati chivundikiro.

Anamanga ina yokulirapo.
Iyo inafinyika ngati dzira,
kenako inapotoka ndikuona ndi maso angawa,
mbali ziwiri m'mwamba, ziwiri pansi,
ngati chishalo cha njinga yakale.
Yachitatu inakhota mpaka kudzipingasa yokha,
eyiti wonyowa akulendewera pa zala zake, akudontha.

Palibe waiuza, anatero.
Yangofunafuna pokhala
pomwe kuvutika kwa onse awiri, mukakuphatikiza,
kwachepetsetsa.
Izi ndiye ndikulembera mayeso Lachiwiri.

Mwini minibasi ya ku Mtendere analiza hutala.
Ndinawerama, ndinayamba matayala,
koma mutu unatsalira pa mphete ija.
Ndinaganiza za msana wangawu,
momwe wakhotera osathyoka.
Za amake Tionenji, Mulungu awasunge,
momwe ankakokera ndalama ya mwezi m'kati,
lendi, malasha, unga, yunifomu,
ine ndikuumirira ngati waya,
mpaka nyumba yathu inapeza kakhalidwe kake,
kopotoka ndithu,
anansi ankati kopotoka,
koma sikanaphulike zaka makumi awiri ndi chimodzi.

Kamphepo kanadutsa kuchokera ku Alick Nkhata.
Phu!
Khungu linatha, chingwe chinadumpha
n'kubwerera kuzungulira kwake, chopanda kanthu pakati,
chomasuka,
ngati munthu amene palibenso womukoka.

Tionenji anapukuta manja pa jinzi,
anandisiyira kachingweko pa mwala
n'kuthamangira kulaibulale isanatsekedwe.

Madzulo, magetsi atathima monga mwa nthawi zonse,
ndinayatsa tochi ya foni, ndinakokera ndowa pafupi.
Kasanu konse khungu linakana kugwira.
Kachisanu ndi chimodzi linagwira,
linakoka,
ndipo ine ndinaleka kupuma
kuti likhalitseko.