Singano Zopanda Ulusi

Zaka makumi atatu pakhonde la sitolo ku Kamwendo
ndakhala ndikupalasa makina, kubaya nsalu za eni:
mayunifolomu, madiresi a chinkhoswe,
matumba a thalauza obooka ndi makobidi.
Phewa lakumanja linayamba ndi kung'ung'udza,
kenako linakana kundivulira chipewa pamaliro.

Lero ndagona chafufumimba ku Boma,
m'chipinda chonunkha makungwa owiritsa.
Nsalu ndine.

Mayi Lin sanafunse pamene pakuwawa.
Anaika zala zitatu padzanja langa
n'kukhala chete, ngati akumvera basi ili kutali.
Anati nditulutse lilime.
Yotamu womasulira anaseka:
"Akuti mumagona mochedwa, bambo."
Wawauza ndani? Ino ndi nyengo ya maukwati.

Pamsana anapeza mphini zisanu ndi ziwiri
zimene malume Chikadza ananditema ndi lumo
chaka chimene chifuwa chinafuna kunditenga.
Ndinadikira kuti aseke.
Iwo anazitsata ndi chala pang'onopang'ono
ngati wowerenga kalata yolembera wina.
"Akuti pano mnzawo anafikapo kale."

Singano yake yoonda ngati ubweya wa kumchira wa ng'ombe,
yopanda diso, yopanda ulusi.
Isoka chiyani imeneyi?
Inalowa ngati udzudzu wodziwa kuodira.
Ina pakhosi. Ina pachigongono.
Ina, taonani, kumunsi kwa bondo!
Ndinafuna kuwakumbutsa kuti wodwala ndi phewa,
koma ndinadzigwira pakamwa.
Ine ndemwe ndimadziwa
kuti ukakoka ulusi kumpendero
kolala imakwinyika.

Ndinagona choncho ngati nungu wosauka minga.
Kunja malole a ku Chipata ankadutsa,
zenera n'kumanjenjemera,
ndipo china chofunda chinatsika m'mkono
ngati madzi oyamba mu ngalande youma.
Mwina ndi mankhwala. Mwina n'chifukwa choti
chiyambire mwezi wa Meyi
palibe anandiuzapo kuti khalani phee.

Anandipatsa mizu m'kapepala kofiirira,
yowawa kuposa ngongole.
Ndibwerenso Lachinayi, akutero.

Kuchira sindinganene.
Chipewa ndavula ndi dzanja lamanzere pobwerera.
Koma madzulo ano, diresi la mwana wa a Nabanda lili pamakina,
ndayamba ndalisisita kaye ndi zala zitatu,
kumvera pamene likukoka,
ndisanatsitse singano.