Mano a Tayala

Lingililani ankayesa mano a tayala ndi kamtengo ka machesi.
Ankakalowetsa mumzere, n'kupukusa mutu,
ine ndili kutsogolo, ndikuwerenga matumba a soya m'kope.
Sindinafunsepo.
Matayala anali ake, monga zinalili ndevu.

Lero ndaima ndekha ku Dauni Shopu,
ndalama za nsawa nditazimanga pamfundo ya chitenje.
Galimoto yathu ili panja, yatsamira pa madazi anayi,
lakumbuyo kumanzere latulutsa waya ngati imvi.

Mnyamata wa m'sitolo, Gelevazio, wagubuduza atatu.
Loyamba n'losalala, mizere yake yowongoka.
"Ili, mayi, silisokosa, mafuta silidya,
khanda lingagone mpaka ku Lusaka."
Ndamufunsa ngati anafikako ku Vubwi mu Febuluwale,
msewu utasanduka phala,
mathiraki atagona chammbali ngati nkhumba zokhuta.
Waseka. Walibweza pamulu.

Lachiwiri ndi zibuma zokhazokha, mano ngati a ng'ona,
mtengo wake thole lathunthu.
"Matope limawatafuna n'kulavula,
koma pa tala limalira ngati chigayo
ndipo limasungunuka ngati sopo wosiyidwa m'beseni."

Lachitatu silinyada.
Pang'ono la mtauni, pang'ono la kumunda,
khoma lake n'lokhuthala, chitsa sichingalibaye msanga.
Ndaligogoda ndi chala monga tichitira ndi vwende,
osadziwa chimene ndikumvetsera.

Kutsidya kwa msewu, pansi pa mthunzi wa mango,
a Mvula akundikodola.
Awo ndi a salaula, opakidwa polishi mpaka kuwala,
theka la mtengo, ndiponso akuti tingakambirane.
Mtima wathamangira kumeneko, sindinama.
Fizi ya Dokiso ili pakhomo,
feteleza sanagulidwe,
denga la kukhichini likudontha pomwe pali mbaula.

Ndagwada, ndapukuta fumbi pambali pake,
kufuna manambala anayi aja
amene mwamuna wanga ankawerenga milomo ikugwedera:
awiri a sabata, awiri a chaka.
Tayala la a Mvula ndi lalikulu kwa Dokiso wanga,
amene ali giredi fayifi.

Pomwepo wandibwerera usiku uja kuseri kwa Chadiza,
kuphulika ngati mfuti,
chiwongolero chikulimbana ndi manja ake,
mlamu wanga akubuula kumbuyo, mwana ali panjira,
jeke ikumira m'matope, ine nditaluma tochi.
Tinafika kuchipatala tambala atalira kawiri.
Mwanayo anamutcha Tafika. Zikanatha kukhala zina.

Ndawoloka msewu kubwerera.
"Ndipatse awiri, enawo ndidzagula tikakolola."
Gelevazio wakanda m'mutu.
"Galimoto iyi imakoka ndi miyendo yonse, mayi.
Pagoli simumanga nkhunzi ndi mwana wa ng'ombe.
Zam'kati zidzakukutana, mudzalira kawiri."
Kaya ndi nzeru, kaya ndi malonda,
koma mawuwo ndinawamvapo kale m'nyumba mwanga.

Ndamasula mfundo.
Anayi, a lachitatu lija.
Mwa akalewo, limene latsalako mano likhale sipeya.
Chatsala m'chitenje ndi cha mafuta ndi mabanzi awiri.

Akumanga mabawuti, ine ndatsegula kabati ya kutsogolo.
Pansi pa malisiti ndi magalasi othyoka mwendo
bokosi lake la machesi likadalipo, muli titatu.
Ndatenga kamodzi, ndawerama anyamata akuyang'ana kwina,
ndakalowetsa mumzere watsopano.
Mutu wonse wamira, mpaka kupitirira.
Ndapeza nanenso ndikupukusa mutu,
koma chovomera.

Potuluka, phiri la Kanjala lavala mitambo yakuda.
Galimoto yasintha mawu,
ikung'ung'udza chapansipansi, ngati munthu woimba akumeta.
Ndazimitsa wailesi.
Mpaka pamphambano ya ku Mwami
ndikungomvetsera.