Masala a Thilaga

Lachiwiri m'mawa ndinagwedeza botolo la khofi lija
limene unkasungiramo masala ako, Thilaga.
Pansi pake panangotsala kafumbi kofiira
kosadzaza ndi chikhadabo chomwe.
Miyezi isanu ndi inayi ndakhala ndikutapa
ngati mwana woba shuga,
theka la supuni, kenako theka la theka.

Sunalembe paliponse.
Ndinasanthula m'kabati, m'buku la mapemphero,
kuseri kwa kalendala ya ku garaja ya mabasi.
Ndinapeza malisiti a magetsi, batani la malaya anga
ndi chithunzi cha Keshni ali ndi mano awiri.
Muyeso unali m'chikhatho chako,
ndipo chikhathocho tinachipereka ku moto,
phulusa lake mtsinje wa Umgeni unatenga.

Pamsika wa kuno ku Chatsworth
mayi wa pabenchi yachitatu anandilozera milu yake:
"Wopera kale ulipo, bambo,
uwu timautcha Lilime la Apongozi."
Ndinati ayi, ndipatseni njere.
Dhaniya, jira, somfu, makungwa a sinamoni,
tsabola wouma wopepuka ngati mapiko a dzombe,
ndi muzu wa chikasu wouma gwa.
Anakulunga m'nyuzipepala, osanena kanthu.

Zaka makumi atatu ndakonza mabasi a mu Durban.
Injini ikadwala ndimaimva ndi khutu
dalaivala asanatsegule pakamwa.
Koma jira anandipsera m'chiwaya ndikuyang'ana,
utsi wa tsabola unandigwira pakhosi
mpaka a Shozi anasuzumira pampanda:
"Pragasen, tiitane ozimitsa moto?"

Ulendo wachiwiri ndinachepetsa moto.
Ndinaima monga unkaimira iwe,
dzanja limodzi m'chiuno, mphuno patsogolo.
Dhaniya atayamba kununkhira ngati khungu la lalanje
ndinaphula.
Mtondo wako wamwala unali pansi pa sinki,
kangaude atamangamo nyumba.
Ndinasinja mpaka phewa linadandaula,
ndinasefa, ndinasinjanso misere,
zala zonse chikasu, ndevu nazonso.

Nkhuku ndinagula thadzi lokalamba,
lija unkati fupa lake ndiye mwini msuzi.
Njere za mpiru zinathetheka m'mafuta, tha! tha!
Anyezi anafiira pang'onopang'ono.
Masamba a kale ndinathyola pa kamtengo kako
kamene kakukana kufa pafupi ndi mpopi.
Adyo, jinja, supuni zitatu zosefukira,
nyama, matimati awiri okha,
mbatatesi pomaliza, kuti zisungunukire m'mbali.
Nyumba inadzaza.
Ndinatsala pang'ono kukuitana kuti udzalawe mchere.

Ndinakhala patebulo, mpunga pambale.
Nthongo yoyamba.
Wokoma, inde, woyabwa bwino,
koma si wako.
Pali kena kake kamene kanatsalira pakhomo,
kakukana kulowa.

Madzulo ndinaimbira Keshni ku Joni.
Ndinamuwerengera zonse, njere ndi njere,
ngati ndikupereka lipoti kwa kapitawo.
Anakhala chete, kenako anaphulika kuseka.
"Adadi, simunkadziwa?
Amayi ankasinja theka lokha.
Theka linalo ankagula kwa mayi wa pabenchi yachitatu,
n'kusakaniza inu muli ku ntchito.
Anandilumbiritsa ndili sitandade faifi."

Iwe mkazi iwe!
Zaka zonsezi ndikudzitama kwa anzanga pagaraja
kuti kwathu sitidya za m'sitolo.
Ndinaseka mpaka misozi,
ndipo misoziyo itayamba sinafunenso kusiya.

Botolo lija ndalidzaza ndi wangawu,
wowawirira pang'ono, wochuluka sinamoni.
Mbale ina ndapatsira a Shozi pampanda,
abweza ili mbee, ati mawa ndiwonjezere tsabola.
Loweruka ndipitanso kumsika.
Mayi uja akandiona adzayamba kukulunga
ndisanatchule chimene ndadzera.