Mlonda wa pageti la mawu

Shopu yanga ili mu Jules Street, ku Malvern,
pakati pa ogulitsa matayala akale ndi Msomali wa buledi.
Pakhomo palibe chikwangwani.
Fungo la mtovu wosungunuka ndilo limaitana anthu.

Lachiwiri a Lategan anatsika kuchokera ku Northcliff,
masipika awiri atawafunditsa bulangeti ngati odwala malungo,
m'thumba la jekete muli kabokosi.
Anakatsegula pang'onopang'ono.
Makapasita anayi onenepa ngati zitsononkho,
a kutsidya kwa nyanja, m'kati akuti muli siliva ndi mafuta.
Mtengo wake anachita kunong'ona.
Ine m'mutu ndinawerengera: lendi ya miyezi itatu,
chenji chake basi yokatula munthu pa Wenela.

Mphwanga Dziwani, wafika dzana lomweli,
zala zake zidakaopabe moto,
anafunsa, Kanthu aka ntchito yake n'chiyani?
Ndinati, Ndi mlonda wa pageti.
Mawu onse akamakhamukira pa waya umodzi
iye amabweza okhuthala, a ng'oma ndi besi,
n'kulowetsa opyapyala okhaokha
kwa kasipika kakang'ono kapamwambaka, kuti kangapse.
Anaseka.
Ndiye mlonda wovala suti, malume,
amatsegula geti mosiyana ndi wa ovolosi?

Sindinamuyankhe. Ndinatenga mita.
Yakale, ya marandi makumi atatu: folo poyinti seveni.
Yatsopano: folo poyinti seveni.
Mita ilibe ulemu, sidziwa bwana.

Ndinasintha sipika imodzi, inzake ndinaisiya dala.
Lachisanu atabwera ndinaphimba zonse ndi katani wakuda,
ndinawakhazika pa kireti ya zakumwa,
Msomali ndinamupempha azimitse jenereta kwa mphindi khumi.
Mbale anabweretsa okha, ya mayi wina woimba yekha ndi piyano.
Akuti amafuna kumva mpweya umene mayiyo amakoka
asanatchule liwu loyamba.

Anatsinzina.
Iyi, analoza kumanzere. Analondola.
Ndinasinthanitsa. Iyi. Anaphonya.
Kachitatu anaphonyanso, akugwedeza mutu mokhutira,
ati, Mwaimva? Usiku ndi usana!
Ine ndinali nditatchera khutu langa lamanja,
lamanzere linapita ndi galayinda ya ku Germiston.
Ndinamva piyano. Ndinamva mahutala a mataxi.
Usiku ndi usana sindinazimve.

Koma kumbuyo kwawo, pa mulu wa mawayilesi akufa,
Dziwani ankakweza chala mwakachetechete,
katatu konse osaphonya.
Atatuluka kukasuta ndinamukoka malaya.
Wasuzumira iwe.
Ayi malume. Kusiyana kulipo, koma n'kochepa,
ngati madzi a m'kapu yagalasi ndi a m'kapu yachitsulo.
Ludzu limatha chimodzimodzi.

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, m'thumba muli marandi asanu ndi awiri,
makutu atsopano ngati a mwana wa mbuzi.
Panja, mwini ndalama akutsokomola utsi,
tsitsi lotuwa likutuluka m'makutu.

Ndikanawauza?
Munthu wakwera phiri atasenza mwala wake,
ukamuuze kuti pamwamba miyala ilipo kale?
Ndinawotcherera otsalawo bwinobwino,
mfundo zonyezimira ngati maso a nsomba.
Analipira osanenerera, anawonjezera ya kolodirinki.
Bulangeti, buti, geti, anapita.

Makapasita akale ali m'chitini cha khofi.
Lamlungu awiri alowa m'sipika ya tchalitchi chathu cha m'galaja ku Rosettenville,
kumene palibe amene anadandaulapo za mpweya wa woimba,
onse amakoka wawo.

Madzulo tikutseka, taxi inaima pakhomo penipeni
n'kuyamba kulira ngati yapondedwa.
Ndinang'amba thonje la m'bokosi la sipika yakufa,
ndinapatsa Dziwani tizidutswa tiwiri.
Za chiyani?
Tseka, ndinatero. Uzitsegula tikafika kunyumba.
Anayankha kanthu, ali mbali ya kumanzere.
Sindinamve.